KUCHEZA KWA PA KHONDE: Alonda Awiri pa Khomo la Nkhokwe

 Tsopano chimanga chalowa m'nkhokwe, mtedza wauma, ndipo khasu layamba lapumula. Nyengo yotere munthu akhoza kukhala pa khonde ndi kumva nthano popanda womunena ulesi. Nthano ya lero yachokera kutali, ku America, ndipo zochitika zake ziri kutali koposa, pakati pa nyenyezi. Koma musafulumire kukulungira fodya pepala lino poganiza kuti izi nza anthu a m'tauni. Iai. Imeneyi ndi nkhani ya nkhokwe, ya mbeu, ndi ya mbala imene alonda sanaione.

Ku America kunali sewero la pa wailesi ya kanema lotchedwa Star Trek. Amene analiyambitsa ndi Gene Roddenberry. Linayamba kuonetsedwa m'chaka cha 1966 pa wailesi ya NBC, ndipo linatha mu 1969 ataonetsa nkhani 79, ngakhale pambuyo pake panabadwa masewero ena ambiri a dzina lomwelo. Nkhani zake nzopeka. Zinena za chombo chachikulu chotchedwa Enterprise, chonyamula anthu oposa 400, chimene chiyenda kuchokera ku nyenyezi ina kunka ku inzake m'zaka zam'tsogolo, za m'ma 2200. Masabata ambiri nkhanizo zinali za nkhondo ndi zoopsa zina. Koma pa 29 December 1967 anaonetsa nkhani yoseketsa, dzina lake The Trouble with Tribbles, ndiko kunena kuti bvuto la tizirombo totchedwa tribble. Woilemba anali mnyamata wa zaka 23, David Gerrold, ndipo iyi ndiyo inali nkhani yake yoyamba kugulidwa ndi eni kanema.

Tsiku lina Kaputeni Kirk, mkulu wa chombocho, analandira uthenga wa ngozi, wa mtundu uja umene utumizidwa pokhapokha zinthu zikafika poipitsitsa. Unachokera ku siteshoni ya m'mlengalenga yotchedwa K-7, malo amene zombo ziima kuti anthu apumule ndi kugula zosowa zao. Kirk anathamangitsa chombo, mfuti ziri chire. Pofika anapeza bata lokhalokha. Amene anaitana anali Bwana Nilz Baris, mkulu wa za ulimi m'chigawo chimenecho, ndipo chimene anafuna ndi alonda olondera nkhokwe ya mbeu.

Kirk anapsa mtima. Iye mkulu wa chombo chonsecho, amuthamangitse chifukwa cha tirigu? Anapereka alonda awiri okha monyinyirika, naloleza anthu ake ena kuti atsike akapumule m'masitolo ndi m'nyumba ya mowa. Pamenepa ine ndiri ku mbali ya Bwana Baris, ngakhale olemba sewero anawapanga kukhala munthu wolongolola ndi wosakondweretsa. Mbeuyo inali yotchedwa quadrotriticale, ndipo mwa mbeu zonse za dziko lathu lapansi inali yokhayo imene ikanamera pa dziko lina lotchedwa Sherman's Planet. Dzikolo linali pa mkangano pakati pa mbali ya Kirk, yotchedwa Federation, ndi mtundu wa anthu ankhondo otchedwa Klingon. Pangano la mtendere linati dzikolo lidzakhala la amene alilima ndi kulitukula koposa mnzake. Inu amene munakhalapo pa mlandu wa munda mudziwa kuti tsala silichedwa kupatsidwa kwa wina wolima. Tsono kutaya mbeuyo kunali kutaya dziko lathunthu, mfuti isanalire ngakhale kamodzi.

Dzina lalitali la mbeuyo lisakuopseni. Quadrotriticale njopeka, koma triticale iripo ndithu. Ndi mbeu imene anthu anapanga pokwatitsa tirigu ndi mbeu ina ya ku maiko ozizira yotchedwa rye, kuti itenge kubereka kwa tirigu ndi kupirira kwa rye. Anayamba kuyesa ku Scotland mu 1875, ndipo akatswiri a pa University of Manitoba ku Canada anaigwirira nchito kwambiri m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960. M'seweromo aliyense aidziwa mbeuyo kupatula Kaputeni yekha. Ngakhale kamnyamata Chekov kaidziwa, ndipo monga mwa chizolowezi chake kanena kuti oitulukira ndi a kwao ku Russia. Mudzi uliwonse uli naye munthu wotere, amene amati nsima inayambira kuphikidwa kwao.

Tsopano tilowe m'nyumba ya mowa. Mmenemo munali wamalonda woyendayenda, wonenepa, wa matumba ambiri m'malaya, dzina lake Cyrano Jones. Munalowanso Chekov ndi mai Uhura, woyang'anira mawailesi a m'chombo. Wosewera gawo la maiyu anali Nichelle Nichols, mai wakuda wa ku America, ndipo dzina lakuti Uhura analitenga ku mau a Chiswahili akuti uhuru, ndiye ufulu. Jones anapisa m'thumba natulutsa kanthu kozungulira, ka ubweya wokhawokha, kokwana m'manja, kopanda maso, kopanda miyendo yooneka. Ukakasisita kalira mokoma ngati mphaka wokhuta, ndipo mtima wa munthu ukhala pansi. Ameneyo ndiye tribble.

Jones anayamba ndi mtengo wa ndalama 10 za kumeneko, mwini mowa anati 1, ndipo atakokanakokana anagwirizana pa 6. Mai Uhura pofunsa kuti agula bwanji, mwini mowa anayankha osaphethira kuti 10. Apo Jones anangowapatsa maiwo kamodzi kaulere, podziwa kuti anzao akakaona adzabwera ndi ndalama m'manja. Wamalonda akakupatsani chinthu chaulere, muziyamba mwayang'ana kumene wayang'ana iye. Koma onani ichi, pakuti mpamene pagona nkhani. Pamene akulu anali kukangana za mtengo, kachiromboko kanali pa tebulo kakudya timbeu tochepa ta quadrotriticale timene Chekov anabwera nato. Onse anakaona. Chekov anadandaula pang'ono, ena anaseka, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza za nkhokwe.

M'mawa mwake kanthu kaja kanali kataswa. Mai Uhura anagawira anzao tiana, aliyense nanyamula kake. Ngakhale Spock, wachiwiri wa Kaputeni, munthu wa ku dziko la Vulcan amene adzitama kuti satengeka mtima ndi kanthu, ananena mau omwewo dzanja lake liri kusisita ka tribble. Dokotala McCoy anatenga kamodzi kukakayesa, ndipo posachedwa anali nato 11. Anapeza kuti pafupifupi theka la mphamvu ya thupi la tizirombo timeneti lithera pa kuswana, ndi kuti tibadwa tiri kale ndi bere. Tikadya, tiswa. Nchito ina tiribe.

Pa nthawi yomweyo panafika chombo cha a Klingon, mkulu wao Koloth napempha kuti anthu ake atsike akapumule. Kirk sakanatha kukana chifukwa cha pangano lija, koma analamula kuti azitsika 12 okha pa nthawi imodzi, aliyense ndi mlonda womuyang'anira. Maso onse tsono anatembenukira kwa a Klingon. Tiziromboto nato sitinawafune: Jones atayesa kugulitsa kamodzi kwa iwo, kanakuwa ndi kunjenjemera. Zimenezi muzisunge, tidzazifuna kutsogoloku.

M'nyumba ya mowa munachitika ndeu imene anthu aiseka mpaka lero. Mmodzi wa a Klingon, dzina lake Korax, atakhuta, anayamba kutukwana Kaputeni Kirk, kumunena kuti ndi wankhanza wodziyesa mulungu, ndi mau ena oipa. Chekov anafuna kudzuka, koma Scotty, mkulu wa makina a chombo, anamukhazika pansi kuti mau sapha munthu. Korax anapitiriza, Scotty ali phee. Ndiye Korax anatembenukira ku chombo, nati Enterprise ndi chonyamulira zinyalala, ndipo pokonza mau ake anati iai, chombocho ndicho chinyalala choyenera kukatayidwa. Chibakera choyamba chinali cha Scotty. Mipando inauluka, ndipo pakati pa chipwirikiticho Jones anali kuyenda mwakachetechete ndi kumwa mowa wosalipira.

Pambuyo pake Kirk anaimika anthu ake pa mzere kufunsa woyambitsa ndeu, onse nakhala chete. Atatsala awiri, Scotty anabvomera. Kirk anayamba kukondwa mumtima poyesa kuti mnzakeyo anamenyera ulemu wa Kaputeni wake, koma anamva kuti zotukwana iye zinapiririka bwino lomwe, ndipo chosapiririka chinali kunyoza chombo. Ndidziwa abambo ena amene mukhoza kuwanenera apongozi ao iwo nangoseka, koma musayerekeze kunena kuti ng'ombe yao njoonda. Chilango cha Scotty chinali kubindikira m'chipinda chake, ndipo iye anathokoza, popeza anapeza mpata wowerenga mabuku ake a za makina.

Pamene akulu anali kuweruza za ndeu, tizirombo tinali pa nchito yake. Tinadzaza matebulo ndi makoma. Kirk pokhala pa mpando wake waukulu anakhalira kamodzi. Potsiriza anapita kukatenga chakudya ku makina a pa khoma amene atulutsa chimene munthu waitanitsa. Anaitanitsa buledi wa nkhuku ndi khofi, ndipo mbale inatuluka yodzala ndi ti tribble, kena kali m'kapu. Scotty anati tadutsa m'mipaipi yolowetsa mpweya. Apo mpamene mutu wa Kaputeni unatseguka, pakuti nkhokwe ya pa siteshoni inalinso ndi mipaipi yotero.

Anathamangira komweko. Alonda anali chiriri pa khomo, mfuti m'chuuno, ndipo panalibe mdani amene anadutsapo. Chitseko chinakana kutseguka. Kirk anatsegula kachitseko ka pamwamba pa mutu wake, ndipo tizirombo tinakhuthuka ngati chimanga potsegula nkhokwe yodzala, mpaka anakwiririka kulekeza pa chifuwa. Ali chiimire chomwecho, Bwana Baris akukalipa, tina tinali kugwabe kamodzikamodzi pa mutu pake. Pojambula, ti tribble tinali tosoka ndi nsalu ya ubweya, ndipo anthu obisala pamwamba ndiwo anali kuponyera William Shatner, wosewera gawo la Kirk. Mbeu inali itatha.

Spock anawerengera pomwepo nati tiri 1,771,561. Inu ana a sukulu, tengani kamtengo mulembe pansi, muone ngati ananama. Iye anati kamodzi kaswa ana 10 pa maola 12 alionse, kwa masiku 3. Ndiye kuti kuswa kuchitika kasanu ndi kamodzi, ndipo nthawi iriyonse muchulukitsa ndi 11, popeza make wa ana 10 aja alipobe. Madzulo a tsiku loyamba tiri 11, pokwana tsiku tiri 121. Tsiku lachiwiri tifika 1,331, kenaka 14,641. Tsiku lachitatu 161,051, ndipo potsiriza 1,771,561. Sananame. Chimene chindiopsa ine pa masamu amenewa ndi chiyambi chake. Tsiku loyamba munthu akanatha kutitola tonse m'dengu limodzi. Ndipo tsiku loyamba ndilo limene aliyense anali kuseka ndi kusisita.

Gerrold ananena yekha kuti polemba anali kuganiza za akalulu a ku Australia. M'chaka cha 1859 munthu wina wolemera, Thomas Austin, anamasula akalulu 24 ochokera ku England pa malo ake m'chigawo cha Victoria, kuti azikhala ndi nyama yosaka. Kumeneko kunalibe zirombo zokwanira kuwadya, ndipo patapita zaka makumi ochepa anali atadya msipu wa nkhosa m'zigawo zazikulu za dzikolo. Pakati pa 1901 ndi 1907 boma la Western Australia linamanga mipanda ya waya, woyamba wake wotalika makilomita oposa 1,800, koma akalulu ena anali atadutsa kale mpanda usanathe. Ife sitisowa kupita ku Australia kuti timvetse. Namasupuni amene abvutitsa asodzi pa Shire kwao ndi ku South America, ndipo anthu ndiwo anamufalitsa m'maiko chifukwa cha maluwa ake okongola.

Tsono abale anga, tiyang'ane nkhokwe zathu. Ambiri a ife tilondera ngati alonda awiri aja. Timanga galu pafupi, tigona khutu liri kunja kumvera mapazi a mbala, ndipo m'mawa tikaona kuti denga liri m'malo mwake titi zonse ziri bwino. Koma nankafumbwe sadzera pa khomo. Kawirikawiri tichokera naye kumunda, tamusenza tokha pa mutu pamodzi ndi chimanga. Wamkazi aboola njere, aikira dzira m'kati, natsekanso pobowolapo, kotero kuti njereyo ioneka yabwino pamene m'kati muli mphutsi ikudya. Patapita mwezi ndi masiku ochepa atuluka wamkulu wokonzeka kuikira mazira ake, ndipo mmodzi aikira oposa 100. Khoswe naye bere lake ndi la masabata atatu okha, ndipo ana ake ayamba kuswa asanathe miyezi inai. Sangafike pa liwiro la ti tribble, koma iwo ali ndi miyezi yonse kufikira mvula, pamene ti tribble tinali ndi masiku 3.

Ndicho chifukwa chake alangizi atiuza kuti tisathire chimanga chatsopano pamwamba pa chakale, kuti tiyambe tasesa nkhokwe ndi kutentha zinyalala zake, kuti chimanga chiume ndithu chisanalowe, ndi kuti miyendo ya nkhokwe tiibveke malata kuti khoswe aterereke. Ine ndionjezapo chimodzi chimene sichilira ndalama. Masabata awiri alionse pisani dzanja m'kati, pansi penipeni, mutulutse chimanga chingapo, muchigogode pa lichero. Mukaona ufa ukugwa musanapite ku chigayo, dziwani kuti wina wayamba kale kugaya. Pa K-7 panali alonda, panali Kaputeni, panali Bwana wa za ulimi, ndipo kwa masiku atatu palibe amene anatsegula kachitseko kusuzumira.

Koma nkhani siinathere pamenepo, ndipo kukoma kwake kuli apa. Spock ndi McCoy poyang'anitsitsa mulu uja anaona kuti tizirombo tambiri tinali takufa, tina tiri pafupi kufa. McCoy atayesa anapeza kuti m'mbeumo munathiridwa kachirombo ka matenda kamene katseka thupi kuti lisalandire chakudya. Wodya adya, mimba idzala, koma thupi lifa ndi njala. Ti tribble tinafa ndi njala m'kati mwa nkhokwe yodzala. Mbeuyo ikanafika ku Sherman's Planet, akufa akanakhala anthu. Mbala zija tsono zinasanduka zopulumutsa mudzi, monga nkhuku imene yayamba kujompha nsima yothiridwa mankhwala. Pano ndikumbutse amai kuti mbeu ya m'sitolo yopakidwa utoto njothiridwa mankhwala. Yotsala pobzala isapite ku chigayo, ndipo isaperekedwe kwa nkhuku, ngakhale njala itabvuta motani.

Wothira chiphecho anali yani? Bwana Baris anali ataloza kale chala Jones, kuti ndi kazitape wa a Klingon, ndipo wowathandiza kuneneza anali kalaliki wao wokhulupirika, Arne Darvin, mnyamata waudongo amene sanali kusiyana nao. Pa bwalo la mlandu Koloth anapempha kuti tizirombo tichotsedwe m'chipindamo popeza tinali kumukuwa. Jones potuluka nato anakumana pa khomo ndi Darvin akulowa, ndipo tinakuwa chimodzimodzi. Kirk anatenga tiwiri. Anatiyandikiza kwa Spock, tinalira mokoma. Kwa Bwana Baris, mokomanso, chimene chinadabwitsa Kaputeni. Kwa Darvin tinakuwanso. McCoy anamupima napeza kuti kugunda kwa mtima wake ndi kutentha kwa thupi lake si kwa munthu wa dziko lathu. Anali wa mtundu wa Klingon, wosinthidwa nkhope ndi madokotala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bwana Baris sanalakwe ponena kuti mbeu iri pa ngozi, koma ngoziyo inali kuwanyamulira mapepala.

Darvin anamangidwa, ndipo Koloth anapatsidwa maola 6 kuti achoke. McCoy anapezanso mankhwala a bvuto lonse, osalira ndalama: mukaleka kutidyetsa, tileka kuswa. Jones anauzidwa kuti asankhe, kaya zaka 20 m'ndende chifukwa chonyamula zirombo zoononga, kaya kutola ka tribble kalikonse pa siteshoni. Spock anawerengera kuti kutolako kudzamutengera zaka 17.9. Jones anasankha kutola, nayamba pomwepo kulonga m'matumba a malaya ake.

Kirk pobwerera m'chombo chake anapeza muli mbee, mopanda ngakhale kamodzi. Pofunsa amene wachita, aliyense anakankhira mnzake, McCoy kwa Spock, Spock kwa Scotty. Kaputeni anayamba kuopa kuti mwina atitaya kunja kumene kulibe mpweya. Scotty anakana kuti iye sangachite nkhanza yotero. Chombocho chiri ndi makina otumiza munthu kapena katundu kutali m'kuphethira kwa diso, ndipo iye anatitumiza tonse m'chipinda cha makina cha chombo cha a Klingon chisananyamuke. Mudziwa mnansi uja amene asesa pabwalo pake nakankhira zinyalala kuseri kwa mpanda wanu.

M'chaka cha 1996, pokumbukira zaka 30 za Star Trek, sewero lina la banja lomwelo lotchedwa Deep Space Nine linabwerera ku nkhaniyi. Mmenemo timva kuti a Klingon anasauka nato tiziromboto kotero kuti anatumiza ankhondo mazanamazana kukatisaka kulikonse, naphwasula ndi dziko lomwe limene tinachokera, mpaka mtundu wake unatha psiti. Koma anthu a m'sewero latsopanolo anabwerera m'mbuyo m'nthawi kufika pa K-7 masiku omwe aja, ndipo pobwerera kwao ti tribble tinabwera nao. Chithunzi chotsiriza chionetsa mwini nyumba ya mowa wa ku siteshoni yao ataima kakasi pakati pa mulu wa ubweya, kamodzi katakhala pa mutu pake.